M'manja Mwanga ndi Mapazi Awo

Manja anga ali ndi khalidwe limene ndinalephera kulisiya pabwalo la ndege. Munthu wamkulu akandipatsa chinthu, kaya ndi kapu yopanda kanthu, manjawa amakumana okha, ofumbata pang'ono, n'kulira phu phu, pakamwa pakutuluka zikomo. Amayi anga anandiphunzitsa zimenezi ku Dedza ndi kamtengo ka pichesi, ndipo ankati wamkulu samuombera m'manja uli chilili ngati mlongoti, umayamba wagwada. Kugwadako ndinasiya nditafika ku Indiana. Chitenje ndinasiya, ndinaphunziranso kuyang'ana bwana m'maso, koma manjawa anakana. Mwana wanga wamkazi wobadwira kuno amandiseka m'Chingerezi kuti ndimaombera m'manja ngakhale munthu wobweretsa makalata.

Nthawi imene ndikunenayi ndinkasamalira okalamba m'nyumba zawo ku South Bend. Ntchito yake ndi ya msana. Kudzutsa, kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kumwetsa mankhwala, mawa chimodzimodzi. Ndinali ndi kutopa kosachoka ndi tulo, kuja kwakuti ukaima pamaloboti umalakalaka asasinthe msanga. Nkhani za makasitomala sindinkazifuna. Aliyense anali winawake kalekale, ndipo ine ndinalibe mphamvu zosenza kalekale wa munthu wina pamwamba pa thupi lake.

Kampani inanditumiza kwa mayi wina wokalamba kwambiri amene ankakhala yekha m'kanyumba ka njerwa, chakufupi ndi mtsinje. Anali atagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Opaleshoni inayenda bwino, madokotala anati fupa lagwirana, koma mayiwo atabwerera kunyumba anakhala pampando wawo wa pawindo n'kukana kudzukapo. Kuchoka pabedi kupita pampando ndinkawakankha panjinga ya odwala. Choyendera cha miyendo inayi chija, chimene kuno timangoti woka, anachisandutsa poyanikapo thaulo.

Analibe mwana wobereka okha. Amene ankayang'anira zinthu zawo anali mwana wa mng'ono wawo, wokhala ku Indianapolis. Kwathu ameneyo ndi mwana wako basi, palibe kufotokoza, koma kuno ali ndi dzina lapadera lomuikira patali pang'ono. Anali mayi wa imvi kale, woposa ine msinkhu, wotopa ngati ine ndemwe, ndipo tsiku langa loyamba ananena poyera, mayiwo akumva.

"Akapanda kuyambanso kuyenda, muno sangakhale. Ndiwatengera kunyumba yosungira okalamba kufupi ndi kwathu. Sindingamayende msewu wonse uwu sabata iliyonse."

"Ndinabadwira m'chipinda icho," anatero mayiwo, akuloza ndi chibwano. "Mudzandinyamula nditauma."

Mtsikana wa mafizo, wophunzitsa odwala kuyendanso, ankabwera masiku ena, wansangala zake, kuwanyengerera ngati khanda. Mayiwo ankangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumuuza kuti aime mowongoka chifukwa akuoneka ngati thumba. Mtsikanayo ankachoka atagonja. Ine sindinkanyengerera. Ndinkaganiza kuti munthu amene wafika zaka zimenezo akafuna kukhala pansi, amusiye akhale.

Kuti anali wovina ndinadziwira kumapazi ndisanamve pakamwa. Ndasambitsa mapazi ambiri, koma amenewo anali ena. Zala zinali zitakwerana ngati mizu ya chinangwa, chala chachikulu chitapindikira kwa anzake, zikhadabo zokhuthala zachikasu. Ndikuwapukuta ndinafunsa ngati anachitapo ngozi.

"Ngozi yake inali ntchito," anatero.

Anandiuza pang'onopang'ono, masiku osiyanasiyana, nthawi zonse mapazi ali m'beseni. Bambo awo ankagwira ntchito kufakitale ya magalimoto ndipo sankafuna kumva za gule. Iwo ali namwali anakwera sitima ya ku Chicago ndi nsapato m'kachikwama, n'kukalembedwa pamzere wa atsikana ovina m'mahotela. Onse msinkhu umodzi, mwendo kukwera pamodzi, kumwetulira pamodzi, ngakhale chala chikutuluka magazi m'nsapato. Kuchoka apo anapita ku California, kumene ankapanga mafilimu oimba ndi ovina. Anavina kumbuyo kwa anthu otchuka, ankatero, ndipo misana ya anthu otchuka ankaidziwa bwino kuposa nkhope zawo.

Kenako bondo linayamba kukana. Kwathu timati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo iwo bondo litaipa anaphunzira kuyankhula. Anayamba kupatsidwa mbali zing'onozing'ono m'mafilimu: mlembi wa mu ofesi, mnzake wa mkwatibwi, mayi woyandikana nyumba wokonda miseche. Mafilimu oterowo atatha fasho anabwerera pasiteji, m'masewero oyenda tawuni ndi tawuni pabasi, sewero limodzi lomwelo mpaka mawu ake kuwalota. Anayamba ngati mwana wa munthu, kenako mkazi wa munthu, pomaliza mayi wa munthu. Atafika pa gogo wa munthu, telefoni inasiya kulira, ndipo anabwerera m'nyumba ya makolo awo.

Tsiku lina masana pa TV panabwera imodzi mwa mafilimu awo, yakale yopanda mitundu. Anandiuza kuti ndikhale pansi ndione. Ndinakhala, ndinadikira, anthu akungoyankhula m'masuti. Ketulo inalira kukhitchini, ndinapita kukazimitsa, pobwera anati, "Ndadutsa kale. Ndinatsegula chitseko." Ndinapepesa. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti amayi awo enieni anawaphonyanso chimodzimodzi muholo ya kanema, akufunafuna mpango m'chikwama. Ine sindinaseke kwambiri. Zinandimvetsa chisoni kuti zala zija zinapindikira chitseko chimodzi.

Za m'manja zinachitika mosakonzekera. Unali m'mawa wa sinowo, ndinali nditakumba galimoto yanga ndi fosholo ndisanabwere, ndipo mutu unali kwina. Ndinawapatsa mankhwala, anamwa, n'kundibwezera kapu. Ndinaika kapuyo pathebulo, manja anga n'kuchita zawo zija, phu phu phu.

Mayiwo anatukula mutu ngati waitanidwa dzina. Manja awo anagwira m'mbali mwa mpando. Ndisanatsegule pakamwa, anali ataima. Anaima mowongoka, khosi litatalika, phazi limodzi n'kulibweza kumbuyo kwa linzake, dzanja lina pachifuwa, kenako anawerama pang'onopang'ono, mutu pomaliza. Anali mu gauni ya usiku ndi masokosi a kuchipatala. Ine ndinatambasula manja ngati ndikudikira mwana wogwa mumtengo.

Atakhalanso pansi, akupuma mwaphuma, ndinawafotokozera. Ndinati kwathu kuomba koteroko ndi ulemu chabe, ndi zikomo wa manja, si kuja kwa muholo.

"Ndikudziwa kulira kwa manja a munthu mmodzi, mwana iwe," anatero. "Ndavinirapo maholo opanda anthu. Mutu ukudziwa. Koma mapaziwa sanapite kusukulu."

Ndiye tinapeza njira. M'mawa uliwonse ndinkaima patsogolo pawo n'kuomba, iwo n'kudzuka, kuwerama, ine n'kulowetsa woka m'manja mwawo asanaganize zokhalanso. Poti aima kale, ankachita manyazi kubwerera, ndiye tinkayenda. Poyamba mpaka pakhomo la khitchini, kenako mpaka kubafa, kenako kuzungulira nyumba yonse, akundidzudzula njira yonse kuti ndimaponda ngati ndasenza nkhuni. Ndinkawayankha kuti gule ndi aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo, ndipo pa awirife wothyola si ine. Nditawamasulira anaukonda mwambiwo, koma anati mbali yoyambayo ndi bodza.

Ndisaname, miyezi imeneyo ndinkadzuka mopepukirako. Kutopa kunalipo, koma kunali ndi kolowera. Ndinkafuna mayiwo afere m'nyumba mwawo, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti zitheka.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinkachiona koma osachiwerengera. M'mawa mutu wawo unali wakuthwa ngati lumo. Dzuwa likapendeka ankayamba kusokonezeka pang'ono. Ankafunsa ngati basi yafika, kapena kundiuza kuti ndisite diresi ya gawo lachiwiri la sewero. Ndinkangoti chabwino, n'kuwapatsa tiyi, zinkadutsa. Okalamba ambiri amatero madzulo, ndipo ine ndinali nditazolowera.

Mwana wa mng'ono wawo uja anaimba foni kuti abwera Loweruka kudzaona yekha, ndipo akatero aganiza chochita. Ndinamupempha kuti afike m'mawa. Anati ayesetsa. Tsikulo ndinawasambitsa mayiwo molawirira, ndinawapesa, anasankha okha bulauzi yobiriwira ndi ndolo. Tinadikira. Chakudya cha masana chinadutsa. Mwanayo anaimba kuti wachedwa ndi mdzukulu, kenako kuti msewu akuukonza. Analowa dzuwa litafiira kale pawindo, makiyi ali m'manja, jekete osavula.

"Ndamva kuti mukuyenda," anatero. "Tandionetsani."

Mayiwo anangomuyang'ana. Ndinawaikira woka patsogolo, anaikankha ndi phazi. Mwanayo anapumira m'mwamba n'kuyang'ana wotchi. Ine mtima unandipsa. Miyezi yonse ija, msana wanga wonse uja, munthu angoona mpando n'kubwerera? Ndinaima pakati pa chipinda n'kuomba m'manja.

Anadzuka bwino kuposa masiku onse. Sanagwire n'komwe m'mbali mwa mpando. Woka anailambalala, anayenda okha mpaka pakati pa kapeti, anatembenukira kuwindo n'kuwerama, kenako kumanzere, kenako kumanja. Ndinayang'ana mwana uja monyadira ngati ndine ndawabereka. Ndiye mayiwo anatukula dzanja n'kuyamba kuthokoza anthu a ku Ohio chifukwa chobwera ngakhale kunja kukuzizira. Atamaliza anatembenukira kwa mwanayo, nkhope itauma, n'kumuuza kuti nyale ya kumanzere yathimanso, ndipo akapanda kuikonza mawa amunenera kwa mwini sewero. Anamufunsanso kuti chipinda chovalira chili mbali iti.

"Anti, ndine," anatero mwanayo motsitsa mawu.

"Ndikudziwa kuti ndiwe. Konza nyale."

Tinawakhazika pansi. Kukhitchini ndinayesa kulankhula. Ndinati m'mawa sakhala chonchi, mubwere m'mawa mudzaone, munati ayende ndipo ayenda. Mwanayo sanakalipe. Anatsamira sinki, misozi ikulengeza m'maso.

"Akanakhala osayenda ndikanadikirako," anatero. "Koma munthu woyenda, wosadziwa kumene ali, m'nyumba ya masitepe? Pa TV akaomba m'manja inu mutaweruka, adzuka ndi ndani?"

Ndinakwiya naye sabata yathunthu, koma yankho la funso lakelo mpaka lero sindinalipeze. Mwezi usanathe anawasamutsa. Tsikulo ine kampani inali itanditumiza kale kwa bambo wina wodwala shuga kutsidya kwa tawuni, moti sindinaone mmene anatulukira. Ndinangomva kuti sanawanyamule atauma. Anayenda okha mpaka pagalimoto, atauzidwa kuti basi yafika.

Panapita nthawi ndisanapite kukawaona. Ndinkati ndipita, koma tsiku lopuma likafika thupi linkakana, ndipo msewu wa ku Indianapolis ndi wautali, minda ya chimanga yokhayokha mbali zonse. Mpata unapezeka chilimwe chotsatira, Amalawi a mpingo wathu atakonza mapemphero ndi chakudya ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis. Titadya ndinazemba n'kuyendetsa mpaka ku Beech Grove, kumene kunali nyumba ya okalambayo.

Amene ananditsegulira chitseko cha wodi anali mtsikana wa kwathu, nesi, amene ndinkamudziwa kumapemphero. Sindinadabwe. Ife tili paliponse pamene pali okalamba.

"Asisi, mwabwerera agogo ovina aja?" anatero. "Ali uko kudayiningi. Koma chonde musawaimiritse. Anagwa kawiri mwezi watha, panopa tinawaikira alamu pampando. Akangonyamuka imalira, ndiye ine andiripota kwa supavaiza. Ndatopa kale, ndikudabula shifiti."

"Amayendabe?"

"Amatraya. Tsiku lina kunabwera ana a sukulu kudzaimba, anthu ataomba m'manja tinachita kuwagwira awiri. Panopa kukakhala zoimba timawasiya kuchipinda."

Ndinawapeza pawindo, panjinga, atafunda kabulangete m'miyendo ngakhale kunali kotentha. Anali atachepa. Tsitsi analidula lalifupi, ndolo panalibe. Kumapazi anawaveka nsapato zofewa zazikulu zomata, ndipo ndinadzifunsa ngati amene amawasambitsa amadziwa kuti pakati pa zala zokwerana zija pamafunika kupukuta bwino.

Ndinawapatsa moni. Anandiyang'ana mwaulemu, mmene umayang'anira munthu wa m'basi. Ndinawakumbutsa za South Bend, za kanyumba ka njerwa, za beseni. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti akungondikomera mtima. Ndinakhala nawo choncho, tikuyang'ana magalimoto pabwalo. Ndinali wotopa ndipo ndinayamba kudzifunsa chimene ndinabwerera.

Pathebulo panali kapu ya madzi a maapozi. Ndinawamwetsa, anamwa pang'ono, kenako anaigwira ndi manja awiri n'kundibwezera. Ndinailandira, ndinaiika pansi. Manja anga ananyamuka okha, ndipo ndinawagwira ali m'njira. Anatsala lende m'mwamba, osakumana. Ndinawabweza n'kuwapana pakati pa mawondo anga.

Mayiwo anali atawaona. Maso awo anatsatira manjawo mpaka pamene ndinawabisa, n'kukhala pomwepo. Anadikira. Kenako anandiyang'ana kumaso, ndipo mawu amene anatuluka anali aang'ono, a mtsikana wa pamzere.

"Sindinachite bwino lero?"

Zinandipweteka kwambiri. Ndinayang'ana kukhomo, nesi uja anali chauko akukankha kangolo ka mankhwala, mapewa atagwa. Ndikaomba, adzuka, alamu ilira, mwina agwa kachitatu. Ndikapanda kuomba, ndiwasiya pawindopo akuganiza kuti holo yonse yakhala chete.

Ndinatsika pampando n'kugwada. Simenti yake inali yolimba, ndipo mawondo anga anali ataiwala ntchito imeneyi kalekale, analira onse awiri. Ndinasendera mpaka chifuwa changa chinagunda mawondo awo, ndinaika zigongono zanga pantchafu zawo, n'kutsamira ndi thupi langa lonse. Ndiye ndinafumbata manja pamwamba pa kabulangete kaja n'kuomba, mmene amayi anga ankafunira.

Ndinamva miyendo yawo ikulimba pansi pa mikono yanga. Inakankha, ndipo inali ndi mphamvu kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinakanikiza, ndikuombabe. Phazi limodzi linakwekwereza pansi kufuna kupita kumbuyo kwa linzake. Kenako miyendo inagonja. Msana wawo unawongoka pampando pomwepo, khosi linatalika, dzanja linapita pachifuwa, ndipo anawerama pang'onopang'ono mpaka chipumi chawo chinakhudza mpango wa kumutu kwanga. Alamu sinalire.

Atadzutsa mutu anayang'ana chipinda chonse: bambo wina akugona kukamwa kuli yasa, mayi wina akupinda ndi kupindanso kansalu, TV ikulankhula yokha.

"Anthu achepa lero," anatero.

"Achepa, mayi."

"Sinowo ameneyu." Anandisisita paphewa. "Koma iwe wabwera."

Ndinati ndabwera. Ndinafuna kudzuka, mawondo anakana. Ndinayesanso, osatheka. Mayiwo anandiyang'ana mmene ankayang'anira mtsikana wa mafizo uja, n'kugwedeza mutu.

"Phazi limodzi kaye," anatero. "Msana wowongoka. Usayang'ane pansi."

Ndinagwira njinga yawo n'kuchita mmene ananenera.